Tsiku Limene Achemwali Anadandaula

Amayi, kumene muliko mukukhala bwanji?

Ndine Rozina, mwana wanu wa pakamwa uja. Papita nthawi ndisanakulembereni, ndipo ndikudziwa kuti mukanakhalapo mukanandifunsa ngati dzanja langa linathyoka. Silinathyoke. Kungoti nkhani imene ndinali nayo sindinkadziwa kuti ithera pati, ndipo ndinkaopa kukulemberani ndi misozi yokhayokha. Tsopano mtima wakhala pansi. Ndikulemba ndili pakhonde pathu pano ku Nkolokosa, pampando wanu wansungwi uja umene mwendo wake tinaumanga ndi waya.

Ndiyambe ndi zokoma. Tadala, mwana wa achemwali a Malita, anabereka mwana wamkazi m'nyengo yozizira yapitayi, ndipo anamutcha Anjelina, dzina lanu. Kamwanako kanatenga mphuno yanu. Kanatenganso kuyang'ana kwanu kwa cham'mbali kuja, kumene munkayang'ana nako munthu mukaona kuti akunama. Kakamawayang'ana choncho amalume a Domingo, achimwene anu, tonse timangofa nako kuseka, iwo osadziwa kuti tikuseka chiyani.

Kamunda kanu ka ku Mpemba tinalimabe. Mvula inadula pakati, chimanga chinangochita apo ndi apo, koma nandolo ndiye anabereka moti mpaka tinagawirako aneba. Madzi kuno akuvutabe, mpopi umangotsokomola m'mawa kenako zii. Ine ntchito ndikadali komwe kuja ku Sunnyside, patebulo lolandirira alendo, kuyankha mafoni tsiku lonse. Paja munkati, "Rozina, pakamwa pakopa pakanakhala khasu bwenzi nkhokwe zitadzaza." Ndiye ndikuuzeni kuti pakamwa pomwepa ndi pamene pakundidyetsa.

Tsopano khalani bwino, ndikuuzeni za achemwali.

Chaka chatha Tadala anaona kuti amayi ake akunyamula ndowa ndi dzanja limodzi lokha, lamanzere akulisunga pachifuwa. Atawapanikiza ndi mafunso, anavomera kuti m'bere muli chotupa, ndipo chinali chitakhalamo kale ndithu. Tinapita nawo kuchipatala, anadulako kanyama kukayeza, zotsatira n'kubwera kuti ndi khansa ya m'mawere. Amayi, tsiku limenelo ndinalira mu minibasi kuyambira m'tauni mpaka kunyumba, kondakitala mpaka anachita manyazi kundifunsa kuti nditsikira pati. Eni ake odwalawo anali phee, atapinda manja pamiyendo, akuyang'ana pawindo ngati tikuchokera kumsika.

Anawachita opaleshoni, kenako analandira mankhwala amphamvu aja amati kemo. Tsitsi linathothoka lonse. Iwo ankangomanga duku n'kumapitabe kukwaya ya kutchalitchi, ndipo munthu akawafunsa ankayankha kuti akupezako bwino. Mwa ana anu awirife, a Malita ndi amene anatengera kupirira kwanu. Ine paja ndikapunthwa chala, Nkolokosa yense amadziwa.

Kemo atatha, dokotala wawo anatiitana. Ndi mayi wachitsikana, wamfupi, wolankhula mofatsa koma wosazungulira. Anatiuza kuti khansa ya m'mawere si imodzi, ilipo yamitundumitundu. Ya achemwali ndi yamtundu wina umene umakula msanga ndiponso umakonda kubwerera. Koma anati mtundu womwewo uli ndi mankhwala akeake, opangidwa kuti azisaka khansa yokhayo, osati ngati kemo amene amatentha tchire lonse. Amalowa kudzera m'diripi, pakapita milungu itatu iliyonse, kwa miyezi yambiri. Vuto lake ndi loti ndi osowa. Tinadikira, tikupemphera, mpaka tsiku lina foni inalira kuti tibwere. Achemwali anavina pabalaza, ine ndinali ndisanawaonepo akuvina chimwalirireni inu.

Diripi yoyamba inayenda bwino, kapena ndinene kuti inaoneka ngati yayenda bwino. Pobwerera, minibasi itangodutsa ku Chitawira, ndinaona achemwali akukanda m'khosi, kenako m'manja. Pofika kunyumba thupi lonse linali zidzolo zotupa ngati alumidwa ndi linthumbu, akunjenjemera ngakhale kunja kunali dzuwa, mawu atasasa. Ine ndinati tibwerere kuchipatala pompano.

"Iwe, usapupulume," anatero achemwali. "Ndi mlamba uja."

Zinachitika kuti dzulo lake alamu, bambo ake a Tadala, anali atagula mlamba wouma ku Limbe. Ndipo paja banja lathu lonse limadziwa kuti ife ndi mlamba sitimvana. Inu mukangoulawa munkatuluka ziwengo, ndipo munkati agogo kwawo kuja, kutsidya kwa malire, analinso chimodzimodzi. Ndiye nkhani inathera pomwepo. Amalume a Domingo anabwera n'kutsimikiza kuti zimenezi n'zakumtundu, ndipo anawakalipira alamu kuti munthu wanzeru sagulira wodwala nsomba yopanda mamba. Alamu anapepesa, mutu uli pansi. Tinawapaka mankhwala oyera aja a zidzolo, m'mawa mwake zinayamba kuphwa. Komanso azimayi a m'chipinda cha diripi amauzana kuti mankhwala akamaluma ndiye kuti akugwira ntchito. Nanenso ndinakhulupirira za mlambazo, chifukwa zinali zosavuta kukhulupirira.

Tsiku la diripi yachiwiri ndinachedwa, abwana anandigwira ndi alendo. Ndinamva pambuyo pake kuti nesi anawafunsa bwinobwino asanayambe: "Mayi, ulendo watha munamvako chachilendo? Kuyabwa, kuzizidwa, kubanika?" Achemwali anamwetulira n'kuyankha kuti, "Ayi sisitere, zonse zinali bwino, zikomo kwambiri."

Pamene ndinkalowa, diripi inali itayamba kale. Chipinda chimenecho, Amayi, ndi cha mipando yotsamira, azimayi atandandalika, aliyense ndi botolo lake pamwamba. Ambiri amafunda chitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ena chifukwa cha kuzizira, ena kuti asaone singano. Achemwali nawo anali atafunda, akung'ung'udza nyimbo ya kukwaya chapansipansi. Pambali pawo panali a Nachisale, mayi wogulitsa kaunjika ku Limbe, nawonso wodwala khansa yomweyi. A Nachisale safunda, amati akafunda sangaone amene walowa. Pa nkhani ya kulongolola ndinapeza mnzanga, moti tinayamba kukambirana za mabelo a zovala ngati tinadziwana kalekale.

Tili mkati mocheza, ndinazindikira kuti kung'ung'udza kuja kwasiya. Kenako pansi pa chitenje panayamba kumveka kaphokoso kochepa, konga kamluzu. Mapazi a achemwali ankakhulana.

"Achemwali?" ndinaitana.

Dzanja linatuluka m'chitenjemo n'kundikupiza kuti ndiwasiye. Ndinaima pomwepo, manja ali m'malere. Inu munatilera kuti wamkulu akafunda suvundukula, ngakhale atakhala m'bale wako wa bere limodzi, makamaka pagulu.

"Inu asisi, vundukulani munthuyo!" anakuwa a Nachisale. "Ulemuwo mukachitira kunyumba!"

Ndinakoka chitenje. Amayi, amene ndinamuona pampandopo sanali mwana wanu. Nkhope inali itatupa, milomo itakula, maso atangotsala timizere. Khosi lonse linali zidzolo, ndipo mpweya unkalowa movutikira, ndi kamluzu kaja. Koma chimene sindidzaiwala ndi dzanja lawo linalo. Anali atagwira pamene panalowa singano, ataphimbapo zolimba, kuti wina asayerekeze kuichotsa.

Ndinakuwa. Mukudziwa mmene ndimakuwira, ndiye tsiku limenelo ndinaposa pamenepo. Nesi anathamanga n'kutseka diripi, wina anabwera ndi jakisoni n'kuwabaya pantchafu pomwepo, osadikira n'komwe kuti awatengere kwina. Anawagoneka chagada, miyendo m'mwamba, n'kuwaveka chopumira mpweya kumaso. Dokotala uja analowa akuthamanga. Ndinamva wina akuti magazi akuyenda mofooka kwambiri, ndipo anawabayanso kachiwiri. Ine ananditulutsa panja. Ndinaima m'khonde la chipatala, chitenje chawo chili m'manja, ndikuitana inu. Sindinaitane woyera mtima aliyense, ndinkangoti, "Amayi, musawalandire, abwezeni." Ngati munamva, zikomo.

Patapita kanthawi nesi anatuluka, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti ayamba kupuma bwino. Ndinangokhala pansi pasimenti.

Anawagoneka m'chipinda cha odwala ofunika kuwayang'anitsitsa. M'mawa mwake nkhope itayamba kubwerera, ndinakhala pambali pawo ndi phala. Mukuganiza kuti mawu awo oyamba anali otani? Kuthokoza Mulungu? Kufunsa za mdzukulu? Ayi.

"Rozi, botolo lija anataya?"

Ndinakwiya, Amayi. Ndinaika supuni pansi. Ndinati, "Achemwali, munatsala pang'ono kufa, ndiye mukufunsa za botolo? Nanga dzulo munadyanso mlamba?"

Anayankha kuti, "Mlamba uja sindinadye n'komwe. Ndinawaikira alamu ako m'mbale mwawo."

"Ndiye munkadziwa?"

"Ndinkadziwa kuti ndi mankhwala. Koma iwe ukuona mmene tinawadikirira. Ndikananena, akanandichotsa n'kuika wina pampando paja. Ndiye ine n'kutani? Ndikufuna ndimuone Anjelina akupita kusukulu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya bulangeti. "Ndinkati ndipirira, thupi lizolowera. Paja Amayi ankati dokotala ali ndi anthu ambiri, osamamuchedwetsa ndi madandaulo."

Mawu amenewo ndi anu ndithu, ndinawamva nanenso kambirimbiri tili pamzere wa kuchipatala. Mkwiyo wanga unathera pomwepo, kunangotsala chisoni. Ndinawamwetsa phala.

Dokotala atabwera anatifotokozera kuti thupi la achemwali linawatenga mankhwalawo ngati mdani, ndiye linadzuka kumenyana nawo ndi mphamvu zake zonse, mpaka kutseka njira ya mpweya. Anati sizichitikachitika, koma zikachitika zimapha msanga. Zidzolo za ulendo woyamba zija linali chenjezo, ndipo akanadziwa akanakonzekera mwina. Sanawakalipire. Anangoti mankhwala aima kaye, akambirane ndi madokotala anzake. Achemwali anatembenukira kukhoma, chifukwa chimene ankachiopa chija chinali chitachitika.

Milungu yotsatirayo inali yowawa kuposa ya kemo. Munthu anali wamoyo, akuyenda, akuphika, koma mankhwala okhawo oyenera khansa yake anali atasanduka poizoni. Anasiya kupita kukwaya. Lamlungu lina tinakhala pakhonde pompano kukambirana. Amalume a Domingo anati thupi likakana lakana, tisalimbane ndi Mulungu, ndipo iwo akudziwa munthu wina ku Bangwe amene amathandiza ndi zitsamba. Ine ndinawayankha zimene sindingalembe m'kalata yopita kwa inu. Alamu, amene paja salankhula pamsonkhano, anati, "Ine ndinamuona mkazi wanga atatupa. Sindikufuna kudzamuonanso choncho. Koma sindikufunanso kumuona akutha pang'onopang'ono." Kenako anatembenukira kwa amalume n'kuwonjezera kuti, "Komanso mlamba wanga uja unalibe mlandu." Tinaseka tonse, ngakhale achemwali, koyamba m'masiku ambiri.

Kenako dokotala anatiitananso. Anati njira ilipo, koma si yophweka. Thupi likhoza kuphunzitsidwa kulandira mankhwalawo pang'onopang'ono. Amayamba ndi kuwapatsa mankhwala oletsa ziwengo, kenako amasungunula mankhwala a khansa aja kwambiri n'kumalowetsa timadontho tochepa, n'kumawonjezera pang'onopang'ono, tsiku lonse, munthu ali pabedi, makina akumuyang'anira, jakisoni wopulumutsa uja ali pafupi. Anati ngozi ilipobe, mwina zikhoza kukanika, ndipo zikatheka ndiye kuti ulendo uliwonse zizichitika motero. Achemwali anavomera asanamalize n'komwe kulankhula.

"Dikirani kaye, mayi," anatero dokotala. "Makina anga amaona mtima ndi mpweya, koma kuyabwa sakuona. Pakhosi pakayamba kukanda, amene angandiuze ndinu nokha. Mukamva kanthu kakang'ono, munene nthawi yomweyo. Ndipo kufunda kumutu ayi. Mukandibisiranso, ndisiya, ndipo sindidzayesanso."

Achemwali anayang'ana pansi. "Adokotala, ine kudandaula ndinayamba liti?"

"Muyamba tsiku limenelo."

Ndiye ine ndinadzipatsa udindo wa uphunzitsi. Madzulo ndikaweruka ndinkadutsira kwawo, n'kuwatsina pamkono, n'kunena kuti, "Tiyeni, nenani." Iwo ankangoti, "Choka apa iwe." Ndinkawatsinanso. "Nenani kuti zikuwawa." Ankaseka n'kundithamangitsa ndi chipande. Tadala ankati tapenga tonse awiri. Kunena zoona, Amayi, ndinkachita nthabwala chifukwa ndinali ndi mantha. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akuyankha kuti ali bwino, sindinkakhulupirira kuti lilime lake lingatembenuke tsiku limodzi.

Tsikulo tinafika m'mamawa. Anawagoneka pabedi, n'kuwamata timawaya pachifuwa ndi kachipangizo pachala. Chitenje ndinawalanda ine n'kuchipinda pamiyendo panga. Popanda chofunda ankaoneka wamng'ono, manja akusowa powaika. Botolo loyamba linali ngati madzi okhaokha, dontho lililonse likuchita kuganizira kaye lisanagwe. Nesi ankabwera pafupipafupi, kufunsa, kuyang'ana khosi, kuwonjezera liwiro pang'ono. M'mawa wonse kunalibe kanthu. Masana anadya nthochi. Ine ndinayamba kumasuka, mpaka ndinayamba kumufunsa nesi za kwawo.

Dzuwa litapendeka anaika botolo lamphamvu, lomaliza. Patangopita kanthawi ndinaona dzanja la achemwali likukhula pansalu ya bedi, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kuti aoneke. Anameza malovu. Anayang'ana botolo, linali likadali lodzaza. Anayang'ana nesi, amene anali atatembenuka akukonza zinthu patebulo. Kenako anayang'ana chitenje chili pamiyendo pangacho. Ine ndinali nditakoka kale mpweya kuti ndikuwe, koma ananditsogolera.

"Sisitere."

Mawuwo anatuluka aang'ono, nesi sanamve.

"Sisitere! Pepani kukuvutitsani. M'manja mukuyabwa, ndipo pakhosi pakukanda."

Amayi, ndakhala ndikumva mawu a achemwali moyo wanga wonse, akuimba, akupemphera, akundikalipira, koma sindinawamvepo akunena za thupi lawo kwa mlendo. Nesi anatseka diripi nthawi yomweyo n'kuitana dokotala. Anawapatsa mankhwala ena, n'kumayang'ana makina. Pakhosi panatuluka tizidzolo tingapo, koma mpweya unkayenda bwino. Achemwali anayamba kulira mwakachetechete.

"Basi zatha, eti adokotala? Ndadziwonongera ndekha."

"Ayi mayi, mwadzipulumutsa," anayankha dokotala. "Mwanena msanga, ndiye tazigwira zikadali zazing'ono. Tidikira ziphwe, tibwerere m'mbuyo pang'ono, tiyambirenso."

Tinadikira. Zidzolo zinaphwa, kuyabwa kunasiya. Anatsegulanso diripi mochepetsa, kenako n'kumawonjezera monga poyamba. Ine maso anali pakhosi pawo, iwo maso ali pabotolo. Nesi akafunsa, ankayamba adzimvetsera kaye asanayankhe, osati kungothamangira kuti zikomo. Dzuwa lisanalowe dontho lomaliza linagwa, ndipo nesi anakweza botolo lopanda kanthu kuti alione. Ndinatuluka panja kukaimbira alamu, koma foni itayankhidwa mawu anandithawa, ine Rozina. Alamu anaganiza zoopsa, mpaka nesi ndi amene ananditsatira n'kutenga foni kuwauza kuti zayenda bwino.

Kuchokera pamenepo alandira maulendo ena angapo mwa njira yomweyo. Imatenga tsiku lathunthu, ndipo abwana anga anazolowera kuti tsiku limenelo mafoni ayankha okha. Ulendo wina kuyabwa kunabweranso pang'ono, ananena, anaimitsa, n'kupitiriza. Mtima amawayeza pafupipafupi, chifukwa mankhwalawa akuti nthawi zina amafooketsa mtima, koma wawo uli bwino. Atawaunika posachedwapa sanapeze chotupa chatsopano paliponse. Dokotala salonjeza zambiri, amangoti tikuyenda bwino, timalize ulendo. Nafenso taphunzira kusangalala ndi zimenezo. Tsitsi lamera, lofewa, la imvi zambiri, ndipo abwerera kukwaya.

A Nachisale nawo akadalimbikira ndi mankhwala awo. Anamubweretsera Anjelina kadiresi kofiira kochokera m'belo lawo, ndipo akakumana ndi achemwali amawafunsa mokweza, anthu onse akumva, kuti, "Lero kukuyabwa pati, mayi?" Kwa azimayi atsopano m'chipinda muja, awiriwa ndi amene amawauza kuti zoti mankhwala akamaluma ndiye kuti akugwira ntchito n'zabodza, akamva chachilendo anene.

Koma pali vuto limodzi latsopano limene muyenera kulidziwa. Achemwali tsopano amadandaula chilichonse. Tiyi wazizira. Mpando wa kutchalitchi ukuwawitsa msana. Alamu akuliza mkonono, ndipo akuti akhala akuliza chikwatiranireni, iwo ankangopirira. Alamu akuti dokotala uja anatsegula mpopi n'kutaya chotsekera. Amanena akuseka, ndipo ndikuona kuti tiyi amawatenthetseranso mosanyinyirika.

Chimene chandipangitsa kulemba lero ndi ichi. Sabata yatha tikuchokera kuchipatala tinatsikira ku Chitawira, achemwali anati akufuna kuyendako pansi kuti miyendo iwongoke. Tinkayenda pang'onopang'ono, ana asukulu akutidutsa. Mwadzidzidzi anaima n'kundigwira pamkono.

"Rozi, kodi Amayi ankamva kuwawa pati?"

Ife ndi amene tinkakusambitsani miyezi yomaliza ija. Tinkakutembenuzani, tinkakudyetsani, tinkaona mukuluma mano tikakukhudzani. Tikakufunsani munkati mwangotopa. Dokotala atakufunsani, munadzuka pabedi, n'kukonza duku, n'kunena kuti mukupezako bwino, apite akathandize ena. Sabata yotsatira tinakuikani m'manda. Mpaka lero, ana anu awiri, sitikudziwa kuti chinkakupwetekani n'chiyani, kapena ngati chinali chinthu choti akanatha kuchiza. Tinaima pamsewupo tikulira, azimayi awiri akuluakulu, anthu akutilambalala.

Sitikukuimbani mlandu, Amayi. Munakulira m'nthawi yovuta, m'dziko lachilendo, mmene munthu wodandaula ankauzidwa kuti abwerere kwawo. Kukhala chete kwanu ndi kumene kunatilera, ndipo tikuthokoza. Koma ndikanakonda mukanatiuza, ngakhale kamodzi kokha, ngakhale kungoloza ndi chala.

Dokotala wakhala akundiuza kuti, popeza ndine mng'ono wawo, nanenso ndikayezetse mawere. Ndakhala ndikuzengereza, chifukwa kulongolola si kulimba mtima. Ndikukulonjezani kuti Lachiwiri likubwerali ndipita, ndipo Tadala ndimutenga. Chilichonse chimene akapeze, ndikachinena poyera, kwa achemwali, kwa dokotala, ndi kwa inu.

Gonani bwino, Amayi. Pamene pankawawapo, ndikhulupirira kuti tsopano panapola.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina